Momwe mungajambulire filimu yanu yoyamba: kamera iime pati?

Anthu ambiri akangogwira kamera koyamba amaima malo amodzi n'kujambula zonse mpaka kumapeto. Filimu yotere imaoneka ngati yajambulidwa ndi kamera ya alonda yapageti. Tiyeni tiyese ndi nkhani yosavuta: anthu awiri akukambirana m'chipinda.

Choyamba, gwirani foni kapena kamera chopingasa, osati choimika, chifukwa masikirini ambiri a TV ndi kompyuta ndi a 16:9, kutanthauza aatali chopingasa kuposa choimika. Ngati kamera yanu imalola, ikani pa mafuremu 24 pa sekondi (tizithunzi 24 tomwe kamera imajambula pa sekondi iliyonse), omwe ndiwo amagwiritsidwa ntchito m'mafilimu a sinema. Mulibe thirayipodi, choimikapo kamera cha miyendo itatu? Tsamiritsani zigongono patebulo, kapena zipanikizeni m'nthiti.

Yambani ndi chithunzi chakutali, chomwe amachitcha wide shot, kuti woonera adziwe malo ndi pomwe aliyense wakhala. Kenako sunthirani pafupi mujambule kuyambira m'chiuno kukwera. Iyi ndi medium shot, ndipo kukambirana kochuluka kumajambulidwa motere. Close-up, ya nkhope yokha, muisungire pomwe mawu afika polasa mtima. Mukaigwiritsa ntchito paliponse imatha mphamvu. Pofuna kuyandikira, yendani ndi miyendo. Zoom ya mafoni ambiri imangokulitsa chithunzi n'kuchiwononga.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Yerekezani kuti pali chingwe chochokera pamphuno ya munthu mmodzi kufika pamphuno ya mnzakeyo. Zithunzi zonse muzijambule muli mbali imodzi ya chingwecho. Limeneli ndi lamulo la madigiri 180. Mukalumpha chingwe, yemwe anali kumanzere amapezeka ali kumanja, ndipo polumikiza zithunzi awiriwo amaoneka ngati akuyang'ana kumodzi m'malo moyang'anizana. Woonera mwina sangatchule chalakwika, koma mutu umamuzungulira.

Tsopano msinkhu wa kamera. Ikakhala molingana ndi maso, munthu amaoneka monga momwe timamuonera masiku onse. Ikakhala pansi n'kuloza m'mwamba, amaoneka wamphamvu, mwinanso woopsa. Ikakhala pamwamba, amachepa, ngati wathedwa nzeru. Pojambula mwana gwadani ndithu, osamujambula muli chilili pokhapokha mukufuna aoneke wosowa pogwira. Kupendeketsa kamera, komwe amati Dutch angle, kumaonetsa kusokonezeka. Ine ndimati woyamba kumene akusiye kaye.

Tsegulani mizere ya grid, yomwe imagawa sikirini patatu chopingasa ndi patatu choimika. Maso a munthu akhale pamzere wapamwamba, ndipo musiye mpata kumbali komwe akuyang'ana. Zenera likhale pambali pake kapena kumbuyo kwanu. Likakhala kumbuyo kwa iyeyo, nkhope imada bii.

Chithunzi chilichonse chikhale cha masekondi osachepera 10, ndipo musathamangire kuzimitsa mawu akangotha. Dikirani masekondi awiri kapena atatu, kuti pokonza filimu mukapeze podula.