Kalongedzedwe ka Katundu Popita ku Paki ya Zisangalalo Ana Akasiya Kukwera Chikuku

Mwana akafika zaka 5 kapena 6, nthawi zambiri amakana kukwezedwa m'chikuku, ndipo makolo amapuma kuti sadzavutikanso kuchipinda, kuchikweza m'galimoto ndi kuchifunafuna pakati pa zikuku zina. Mpumulo umenewu umatha pa ulendo woyamba wa ku paki ya zisangalalo, monga Gold Reef City ya ku Johannesburg kapena Legoland Windsor ya ku England, chifukwa pamenepo m'pamene zimaonekera kuti chikuku chija chinkanyamula zambiri kuposa mwana. Kunsi kwake kunkakhala mabotolo a madzi, majuzi, kamba ndi zovala zosinthira, pa chogwirira pankapachikidwa chikwama cha mayi, ndipo zonsezi zinkayenda pa mateyala popanda wozimva kulemera. Chikuku chikachoka, mabanja ambiri amangosamutsira katundu yense uja m'chikwama chimodzi chachikulu, n'kumusenzetsa munthu mmodzi, kawirikawiri mayi, amene pofika masana mapewa amakhala atawawa ndipo mtima wa chisangalalo utamuthera. Njira yabwino ndi kuchepetsa katunduyo kwambiri, kugawana wotsalayo pakati pa onse oyenda, ana omwe, ndi kuonetsetsa kuti manja a akuluakulu alibe chogwira, popeza tsopano manjawo akufunika kugwira mwana amene akuyenda yekha m'chikhamu cha anthu.

Musanasankhe chikwama, werengani malamulo a paki imene mukupitayo, pakuti malamulowa amasiyana ndipo ndi amene angakuuzeni chotenga ndi chosiya. Ku Walt Disney World, ku Orlando m'dziko la United States, salola chikwama choposa masentimita 61 m'litali, 38 m'lifupi ndi 46 msinkhu, salola mabotolo agalasi kupatula timabotolo ta chakudya cha makanda, salolanso ndodo zojambulira zithunzi pa foni, koma chakudya chochokera kunyumba amalola. Ku mapaki a Universal, mumzinda womwewo, pali zokwera (makina osangalatsa amene anthu amakwera) zina monga The Incredible Hulk Coaster ndi VelociCoaster zimene munthu amadutsa kaye pa makina ofufuza zitsulo, ndipo chilichonse, ngakhale foni ndi makiyi, chimasiyidwa m'timakabati tokhoma timene tili pafupi. Timakabati timeneti n'tating'ono, moti wonyamula chikwama chotutumuka amakakamizika kulipira kabati yokulirapo kapena kutsala pansi. Dziwaninso msinkhu wa mwana wanu musanachoke kunyumba, pomuyeza atavala nsapato zimene adzayendere. Ku Gold Reef City zokwera zoopsa zimafuna kuti munthu akhale wotalika mamita 1.3, ndipo ngati mwana wanu sanafikepo, ndiye kuti wamkulu mmodzi adzatsala naye pansi, ndipo ameneyo ndi amene adzasunge chikwama. Mapaki a Disney komanso ambiri a ku Britain ali ndi dongosolo loti makolo asinthane, wina akwere kenako mnzake, popanda kuyambiranso mzere, choncho funsani ogwira ntchito pa khomo la chokweracho.

Kwa banja la akuluakulu awiri ndi ana awiri, chikwama chimodzi chobereka cha malita 15 mpaka 20 n'chokwanira. Chikhale cha malamba awiri otakata ndi ofewa, ndipo ngati chili ndi kalamba komanga pachifuwa n'kwabwino koposa, chifukwa kameneka kamaletsa malamba kutsetsereka pamene mwawerama kuti mumange zingwe za nsapato ya mwana. Chikwama cha paphewa limodzi ine sindichivomereza pa ulendo wotere, ngakhale chikhale chokongola motani, popeza chimapendeketsa thupi tsiku lonse ndipo dzanja limodzi limangokhalira kuchibweza. Ndimalimbikitsa chikwama chaching'ono mwadala, chifukwa malo akakhalapo munthu sasowa choikamo. Zolemera monga madzi zikhale pafupi ndi msana, zofewa zikhale pansi, ndipo zofunika pafupipafupi monga tishu ndi timapepala tonyowa topukutira m'manja zikhale m'kathumba ka kunja kamene mnzanu angatsegule inu musanavule chikwama. Kuwonjezera apo, wamkulu aliyense akhale ndi kachikwama ka m'chiuno ka zipi, kosungiramo foni, khadi ya ku banki, matikiti ndi makiyi a galimoto. Zinthu zinayi zimenezi zisalowe m'chikwama chachikulu, kuti ngati chachikulucho chatsala m'kabati kapena chapita ndi mnzanu ku chimbudzi ndi mwana, inu musakhale chimanjamanja. Akuluakulu awiriwo agwirizaniretu kuti azilandizana chikwamacho pa nthawi zodziwika, mwachitsanzo pambuyo pa chakudya cha masana, m'malo modikira kuti wotopayo achite kupempha.

Madzi ndiwo katundu wolemera kuposa wina aliyense, ndipo apa m'pofunika kuwerengera bwino. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho banja la anthu anayi likanyamula malita awiriawiri, wobereka chikwama amayamba tsiku ndi makilogalamu 8 pamsana asanaikemo china chilichonse. Chanzeru ndi kupatsa munthu aliyense botolo lake la theka la lita, lapulasitiki yolimba komanso lotseka bwino, n'kumalidzazanso m'kati mwa tsiku. Ku mapaki a Disney mungapemphe kapu ya madzi ozizira kwaulere pa malo ogulitsira zakudya zachangu, ndipo m'mapaki ena muli mipope ya madzi akumwa imene imaonetsedwa pa mapu a paki. Mabotolo achitsulo amasungadi madzi ozizira, koma amalemera ngakhale ali opanda kanthu, choncho ngati mukufuna limodzi likhale la banja lonse. M'nyengo yotentha mungathire madzi theka m'botolo lapulasitiki, kuliumitsa mufiliji usiku, ndi kulidzaza m'mawa, ndipo madziwo adzakhala ozizira mpaka masana. Mwana amene ali m'kati mwa masewera sanena kuti ali ndi ludzu, amangoyamba kunyong'onyeka ndi kulira popanda chifukwa chooneka, choncho mupatseni madzi nthawi iliyonse imene mwaima pa mzere, osadikira kuti apemphe.

Nyengo ya kumalo kumene mukupita ndiyo imalamula zovala zoti mutenge. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa la kumeneko limapsereza ngakhale pamene mphepo ikuzizira. Khungu lakuda nalo limapsa ndi dzuwa, makamaka pamphuno, m'makutu ndi kumbuyo kwa khosi, choncho pakani ana mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezocho) kapena kuposerapo musanachoke kunyumba, ndipo mutenge kabotolo kakang'ono kuti muwapakenso pakatha maola awiri aliwonse. Kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi, mvula ya mabingu ndi ziphaliwali imakonda kugwa chakumasana, imabwera mwamphamvu koma sikhalitsa, ndipo zokwera za panja zimaimitsidwa mpaka itadutsa. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira kwambiri pamene masana kumafunda, ndiye kuti juzi limene mwana wavala polowa lidzakhala katundu pofika 11 koloko. Musankhireni juzi lopyapyala limene angalimange m'chiuno mwake, m'malo mwa jekete yokhuthala imene ingadzaze chikwama chonse. Ku Britain mvula yamawawa imatha kugwa mwezi uliwonse, ndipo kumeneko majasi a mvula apulasitiki yopyapyala, amene akapindidwa amakwana m'dzanja, amaposa ambulera, popeza ambulera imatsekereza dzanja ndipo imabaya anthu pa mzere. Guliranitu majasiwa ku sitolo wamba, chifukwa m'kati mwa paki mtengo wake umakhala wokwera.

Pa zovala zonse, chimene sindingachisiye ndi chitenje. Chikapindidwa bwino chimatenga malo ochepa kuposa thaulo, chimauma msanga, ndipo ntchito zake n'zambiri. Mumachiyala pa udzu kapena pa simenti yotentha podikira chionetsero, mumapukutira mwana amene wanyowa, mumamufunditsa madzulo kukazizira, ndipo awiri akachigwira m'mbali chimakhala chotchingira mwana posintha zovala pamene chimbudzi chili kutali. Mwana wa zaka 4 kapena 5 akagona tulo pa nthawi yotuluka, chitenje chomwecho chimamubereka mpaka pa galimoto, ndipo pamenepo chikwama chimapita kwa bambo.

Zokwera za m'madzi, monga Raging River Rapids ya ku Gold Reef City, zimanyowetsa mosasankha, ndipo mwana amene wanyowa kabudula ndi masokosi amayamba kunyuka m'ntchafu ndi kutuluka matuza kumapazi pasanathe ola limodzi. Mwana aliyense akhale ndi kabudula wamkati mmodzi, kabudula wopepuka, malaya amodzi ndi masokosi ouma, zonse zitakulungidwa pamodzi mothina ndi kuikidwa m'kajumbo kotseka pakamwa, kamene pambuyo pake kadzasunge zonyowazo. Kajumbo kena kotere kasungire mafoni. Ngati n'kotheka, kwerani za m'madzi dzuwa likadali pamutu kuti zovala ziume muli kuyenda. Nsapato zikhale zozolowereka kale komanso zomanga, osati zatsopano ndiponso osati masilipasi, pakuti pa zokwera monga Anaconda ya ku Gold Reef City, pamene miyendo imalendewera m'malere, nsapato yosamanga imavuka n'kugwera kumene simungaitole.

Kathumba ka mankhwala kakhale kakang'ono. Mapulasitala angapo a matuza ndi mabala, mankhwala a ana ochepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi, ndi kabotolo ka sanitaiza n'zokwanira, popeza mapaki akuluakulu ali ndi chipinda cha chithandizo choyamba. Koma mankhwala amene mwana amadalira, monga kopopera ka mphumu kapena jakisoni wa mwana amene thupi lake limadana ndi zakudya zina, asakhale m'chikwama chachikulu ndipo asatsale m'kabati kapena m'galimoto. Akhale m'chiuno mwa wamkulu amene ali ndi mwanayo nthawi imeneyo, ndipo mukapatukana, mankhwalawo atsate mwana.

Pa chakudya, kumene malamulo akulola, tengani zosaphwanyika ndi zosasungunuka. Mtedza wokazinga, mabisiketi olimba, maapozi ndi mphesa zouma zimapirira kutentha ndi kupanikizika, pamene nthochi yakupsa ndi chokoleti zimasanduka phala pansi pa chikwama. Gawani kamba m'timajumbo ta mwana aliyense payekha, kuti pa mzere mungotulutsa kamodzi popanda kufukula katundu yense.

Mwana amene wasiya chikuku angathe kunyamula gawo lake, ndipo ambiri amanyadira kutero, koma muyeso wake usamalidwe. Malangizo amene madokotala a ana amapereka kawirikawiri pa zikwama za kusukulu ndi akuti zisapitirire 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa mwana, ndipo popeza kuno adzayenda tsiku lonse, ndi bwino kukhalira kumunsi kwa muyesowo. Mwana wolemera makilogalamu 20 asanyamule zoposa makilogalamu 2, ndipo kunena zoona botolo lake la theka la lita, chipewa ndi kajumbo ka kamba n'zokwanira. Musamuikire chinthu chimene chikatayika tsiku lingasokonekere, chifukwa ana amaiwala zikwama pa benchi. Sankhaninso kachikwama kansalu kofewa kamene kangapindike ndi kulowa m'chachikulu, pakuti chakumadzulo mwanayo adzakupatsirani ndithu. Chidole chimene akufuna kugulidwa chigulidwe potuluka, kuti chisasanduke katundu wa tsiku lonse.

Chikuku chinalinso ndi ntchito ina imene makolo saiganizira, yosunga mwana pamalo amodzi. Tsopano akuyenda yekha, ndipo mphindi imene mukuyang'ana mapu pa foni ndi yokwanira kuti asowe. M'mawa, pa chipata, mujambuleni chithunzi atavala zovala za tsikulo, kuti ngati atasowa muonetse ogwira ntchito m'malo mofotokoza ndi mtima uli m'mwamba. Lembani nambala yanu ya foni pa kalamba ka padzanja kapena pa kapepala kolimba m'thumba lake, ndipo ngati muli m'dziko lachilendo onetsetsani kuti ndi nambala imene ikugwira ntchito kumeneko. Muonetseni yunifolomu ya ogwira ntchito pa pakiyo, ndi kumuuza kuti akakusowani aime pomwepo kapena apite kwa munthu wovala choncho. Zonsezi zimadalira foni yamoyo, ndipo popeza matikiti, mapu ndi nthawi za mizere masiku ano zili pa foni, batire imatha msanga. Power bank imodzi yaying'ono, batire yapadera yotchajira foni, ndi kachingwe kake kakafupi zikhale m'kachikwama ka m'chiuno.

Zotsala zonse, monga nsapato zosinthira, majekete a madzulo, madzi owonjezera ndi zovala za ulendo wobwerera, zikhale m'galimoto kapena m'kabati yolipira ya tsiku lonse pafupi ndi chipata. Funsani polowa ngati amalola kutuluka ndi kubwereranso, komanso ngati pakufunika chidindo padzanja. Ku Legoland Windsor, kumene chipata chili pamwamba pa chitunda ndipo zokwera zambiri zili kumunsi, kubwerera ku galimoto ndi ulendo wotopetsa ana, choncho konzani kuti mupiteko kamodzi kokha, makamaka wamkulu mmodzi pamene ena akudya. Ngati mwana ali pa msinkhu wa pakatikati, woyenda bwino m'mawa koma wolefuka masana, mapaki ambiri akuluakulu amabwereketsa zikuku pa chipata, ndipo palibe chochititsa manyazi kubwereka chimodzi cha maola omaliza. Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, longedzani zonse ndi madzi omwe, berekani chikwamacho ndi kuyenda nacho kwa mphindi 15. Ngati mapewa ayamba kale kumva kuwawa, tulutsani zinthu zimene mwaikamo poganiza kuti mwina zidzafunika, kuyambira ndi zimene mungathe kugula m'kati mwa paki.