Khutu likamagunda, yambani mwagwira mtsempha wapadzanja

Kugunda kwa m'khutu, kuja kwa du-du-du kongobwera n'kutha, kumamveka kwambiri usiku kunja kukachita zii. Musanathiremo kanthu kalikonse, dziwani kaye ngati kugundako kukuyendera limodzi ndi mtima. Khalani pansi, ikani zala ziwiri padzanja, m'munsi mwa chala chachikulu pomwe pamagunda mtsempha, mumvetsere kwa mphindi imodzi. Khutu likamagunda nthawi yofanana ndi mtsemphawo, chimene mukumvacho ndi magazi anu omwe. Mitsempha ikuluikulu yochokera m'khosi imadutsa pafupi kwambiri ndi mkati mwa khutu, choncho magazi akamathamanga mopitirira muyeso, kapena khutu likatsekeka n'kuleka kumva zakunja, phokoso lawo limamveka.

Kuno kwathu choyamba kuchiganizira ndi kuchepa kwa magazi. Magazi akachepa amasungunuka, mtima n'kumapopa mofulumira kuti mpweya ukwane m'thupi. Munthu wotere amatopa msanga, amachita befu pokwera kachitunda, ndipo zikhatho ndi mkati mwa zikope zimayera. Amayi oyembekezera, amayi otaya magazi ambiri posamba, ndi amene angodwala malungo ndiwo amapezeka nalo kawirikawiri. Kumunsi kwa Golomoti, Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje, komwe kumatentha, malungo ndi likodzo zimadya magazi pang'onopang'ono munthu osadziwa, ndipo njoka zam'mimba zimawonjezera. Kuchipatala amabaya kachala n'kuyeza. Nambala ikakhala pansi pa 13 kwa bambo, pansi pa 12 kwa mayi, kapena pansi pa 11 kwa mayi woyembekezera, magazi ndi ochepa.

Mukapatsidwa mapilitsi owonjezera magazi, musadabwe chimbudzi chikada, ndi mmene amachitira. Ena amasiya pakatha milungu iwiri poona kuti khutu laleka, kenako kugunda n'kubwerera, chifukwa thupi limafuna miyezi ingapo kuti lisunge ayironi wokwanira, yemwe amathandiza kupanga magazi. Malizani nthawi yonse imene adokotala anena. Musamwere tiyi mapilitsiwa, ngakhale m'mawa wa ku Dedza kuzizire motani, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Dikirani maola awiri. Ndiwo za bonongwe, chisoso, nyemba, usipa ndi chiwindi zimathandiza, makamaka mukaonjezera chipatso chowawasa monga lalanje, gwafa kapena malambe. Koma chakudya chokha sichingathetse vuto ngati likodzo kapena njoka zam'mimba sizinachiritsidwe.

Chachiwiri ndi BP. Nthenda imeneyi nthawi zambiri simapweteka, n'chifukwa chake palibe amene angaidziwe popanda kuyezetsa. Khalani pansi mphindi zisanu musanayezedwe, ndipo yezetsani masiku awiri osiyana. Ikamafika 140/90 kapena kupitirira, ndi yokwera. Chepetsani mchere, usapose kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wam'ndiwo womwe. Mowa ndi fodya zimaikweza. Amene ali kale pamankhwala asasiye poti akumva bwino. Kwa mayi amene mimba yake yapitirira miyezi isanu, khutu logunda pamodzi ndi mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, ndi nkhani ya tsiku lomwelo, osati yodikira tsiku la sikelo.

Pali zina zosowa koma zoopsa: mtsempha wam'khosi wopanikizika, kachotupa ka mitsempha kuseri kwa nembanemba ya khutu, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kapena madzi a m'mutu kupanikiza ubongo, vuto lomwe limagwira kwambiri amayi achitsikana onenepa ndipo limatha kuwononga maso. N'chifukwa chake khutu limodzi lokha likamagunda motsatana ndi mtima kwa milungu iwiri kapena kuposa, BP ndi magazi zili bwinobwino, musangolandira panado n'kubwerera. Pemphani kalata. Chipatala chaching'ono chimatumiza kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo kumeneko angakutumizeni kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musadzikanikize pakhosi kuti phokoso lileke. Kuyesa kumeneko asiyireni adokotala.

Kugunda kosatsatana ndi mtima n'kosiyana. Mkati mwa khutu muli timinofu tiwiri tating'ono kwambiri tomwe timatha kunjenjemera tokha, monga chimachitira chikope. Kumabwera mothamanga kwa kamphindi, n'kusiya. Kutopa, kusowa tulo, nkhawa ndi phokoso lalikulu zimakuyambitsa, ndipo nthawi zambiri kumatha kokha. Ogwira ntchito pachigayo, owotcherera zitsulo ndi oyendetsa zokuzira mawu azivala zotseka m'makutu.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi chimfine chimatseka kanjira kochokera kukhutu kupita kummero, madzi n'kusonkhana kuseri kwa nembanemba. Khutu limalemera, limathetheka mukameza malovu, ngati zija zimachitika potsika Khwekhwelere pagalimoto. Kumeza malovu, kuyasamula ndi kutafuna kumathandiza kutsegula. Musamine mwamphamvu mphuno zonse mutatsina.

Phula lam'khutu likauma limatsekanso. Gonani chammbali, wina akudontheze madontho awiri kapena atatu a mafuta ophikira oyera, osatenthetsa, kawiri patsiku kwa masiku atatu mpaka asanu, kenako mupite akatsuke kuchipatala. Kachirombo kakalowa, komwe kamachititsa kuphupha kosalekeza, mafuta omwewo amakapha, koma kochotsa n'kuchipatala. Musadontheze kalikonse ngati khutu likutuluka mafinya kapena magazi, likupweteka kwambiri, kapena munauzidwapo kuti nembanemba inabooka. Machesi, nthenga ya nkhuku ndi timitengo tathonje timangokankhira phula mkati, ndipo tingaboole nembanembayo. Madzi a masamba, a adyo kapena palafini amatentha khungu lam'kati.

Onaninso mankhwala amene mukumwa. Kwinini, asipilini wambiri ndi jakisoni wa gentamicin zimatha kuliza makutu, ngakhale kuti kulira kwake kumakhala kosalekeza, osati kogunda. Musasiye nokha, kauzeni amene anakupatsani.

Popita kuchipatala tengani buku lanu lachipatala ndi mankhwala onse amene muli nawo, ndipo mukafotokoze khutu lake, tsiku limene zinayamba, komanso ngati kugundako kumasintha mukagona, mukatembenuza mutu kapena mukathamanga. Musadikire kuche ngati khutu lagontha mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka, mawu akukanika kutuluka, mutu ukupweteka koopsa, maso akuchita mdima, kapena ngati kugundako kwayamba munthu atagwa panjinga n'kumenyetsa mutu.