Oda ya adokotala pafoni: momwe mungailandirire bwinobwino

Anamwino amene mwagwirako naiti mukudziwa, wodwala wasintha 2 koloko usiku, a clinician a pa call atanganidwa ku theatre kapena ali kunyumba, ndiye zonse zimathera pafoni. Koma oda ya pafoni ndi ya emergency basi, ngati angathe kufika pa wodi abwere adzalembe okha.

Musanaimbe fayilo ndi treatment chart zikhale pamaso panu, ma vitals atsopano (monga BP, kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima), makilo a wodwala, komanso ngati pali mankhwala amene amamuwenga. Onaninso mayunitsi, poti ambirife timaimbira a m'thumba mwathu ndipo palibe amatibwezera, koma foni kudukira pakati pa dozi ndiye zoopsa. Mapeni otchipa a kwa mavenda aja amauma nthawi yomwe ukuwafuna, yendani ndi awiri.

Akayankha nenani dzina lanu ndi wodi, dzina lonse la wodwala ndi zaka zake, osangoti "wa pa bedi 4 uja", odwala timawasuntha.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Lembani pomwe akuyankhulapo, mu chart momwemo, osati pa gulovu kapena pa dzanja ati ndikopera kenako. Mukatha muwawerengere zonse, mankhwala, dozi, njira yoperekera, kangati pa tsiku, mpaka anene kuti eya. Ine tsiku lina khanda la 3 kg, netiweki ikudukaduka, dozi ya antibayotiki wotchedwa gentamicin ndinamva fifite pomwe iwo amati fifitini, chinatipulumutsa ndi masamu, 5 mg pa kilo kwa khanda lotero ndi 15 mg, 50 ikanavulaza impso ndi makutu. Kuyambira pamenepo ndimatchula nambala imodziimodzi, "wani-faifi eti adokotala?" Maina ofanana ngati hydralazine ndi hydroxyzine asipele. Ena amakalipa kuti mukuwachedwetsa ali ndi tulo, asiyeni akalipe, ku Nurses Council, bungwe loyang'anira anamwino, mukayankha nokha. Dozi ikaoneka yachilendo funsani, akaumirira imbirani wamkulu wawo musanapereke.

Ikakhala oda ya mankhwala oopsa mukalakwitsa dozi, monga pethidine, morphine, insulin, magnesium sulphate, itanani namwino mnzanu amvere nawo pa loud, koma mu duty room osati pamaso pa magadiyani.

Zotsalazo mukuzidziwa: deti, nthawi, dzina la amene wapereka oda, saini yanu, lembani kuti inali ya pafoni. Iwo adzasaine akangofika, malo ambiri amati pasadutse maola 24, ndipo pa handover, posiyira ntchito anzanu olowa, odayo muitchule. Voice note ya pa WhatsApp musaidalire, imbani.