Zokolola zalanda chipinda cha agogo

Mwezi uno ndayenda m'midzi ya mbali ya Bembeke mpaka ku Lizulu kukaona mmene anthu akusungira zokolola. Za nankafumbwe tikambirana tsiku lina. Chandiwawa n'china. Pakhomo pamene pali munthu waulumali, matumba a chimanga, mbewu ya mbatatesi, sipuleya ndi makasu, zonse zaunjikidwa m'chipinda chake. Ukafunsa akuti, "Iwowa satulukatuluka, ndiye akutilonderako." Munthu wamoyo mwamusandutsa loko?

Kuti nkhokwe tinaisiya chifukwa cha akuba ndikudziwa, ndipo sindikunena kuti chimanga chigone panja. Koma taganizani za munthu wosaona. Nyumba amaidziwa ndi mapazi ndi manja. Amadziwa kuti akadzuka pamphasa khoma lili kumanzere, ndowa ili pakona, ndodo yake yatsamira kuseri kwa chitseko. Inu mwafika ndi ngolo madzulo, mwatsitsa matumba paliponse pamene pali mpata, osamuuza n'komwe. Nyumba imene wakalambiramo yasanduka yachilendo usiku umodzi. Woyendera ndodo naye, mbatatesi imodzi yokha ikagubudukira pansi pa ndodo yake, basi wagwa. Wa njinga ya olumala, thumba limodzi pakhomo limamutsekera m'nyumba mpaka mubwere kudimba.

Bambo wina amene timagwira naye ntchito za kalabu anandiimitsa panjira n'kundifotokozera zake. Chaka chatha anayala mbewu ya mbatatesi pansi m'chipinda cha mayi ake, amene maso anasiya kuona, kuti iphukire pamenepo. M'bandakucha wina, ndi chisanu chathu cha Juni chija, mayiwo podzuka kuti apite kuseri anaponda mbewuyo, naterereka, nagwera pakhasu limene mwana anasiya litagona chagada. Mwendo unatemeka. Njinga yamoto yopita kuchipatala ku boma, kubwereranso kangapo kukatsukitsa bala, ndalama yake inachokera kuti? Anagulitsa chimanga chomwecho kwa mavenda, pa nthawi imene mtengo uli pansi. "Alangizi," anatero, "bala linapola. Koma chichitikireni zimenezo mayi sadzukanso okha. Amaitana mdzukulu kuti awagwire dzanja, ndipo kukada amakana kumwa madzi kuopa kutuluka usiku." Munthu amene ankadzitengera yekha madzi osamba, lero akudikira kunyamulidwa, mlandu wake malo oyanikapo mbewu.

Nanga chimanga chothira mankhwala a nankafumbwe a Actellic chija, mukuchigoneka pambali pa mutu wa munthu amene amakhala m'chipindamo usana ndi usiku, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira. Inu mumalowamo pang'ono n'kutuluka, iye fumbi lake akupuma tsiku lonse. Kumene kuli chimanga makoswe safuna kuitanidwa, ndipo amabwera ndi utitiri wawo. Amene amayenda chokwawa, manja amene akugwira pansi podzaza zitosi za makoswe ndi nkhuku ndi omwewo adyere nsima. Wodwala khunyu, mbaula ili apa, zitsononkho ndi matumba ouma ali apo. Akagwa mudzati ndi mfiti.

Musaone ngati ndi nkhani ya makomo awiri atatu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi la maso. Werengani nokha m'mudzi mwanu.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi zakutha zimene timakakamira. Tayala la njinga lophulika, wailesi yakufa kalekale, matumba a feteleza ong'ambika, mabotolo a mankhwala opopera tomato. "Zidzagwira ntchito." Liti? Zaka zikupita zili pomwepo, malo oikapo matumba n'kusowa, mapeto ake timakalanda chipinda cha amene sangatitsutse. Pabalaza pomwe pali mipando ya alendo obwera kamodzi pachaka palibe amayerekeza kuikapo thumba.

Komanso musachoke pano n'kukasesa mwaukali, kusuntha chilichonse. Ndaonapo atsikana achangu akukonza m'chipinda cha agogo osaona, kapu uku, ndodo uko, agogo n'kutha m'mawa wonse akufufuza. Kumeneko n'kuwasokonezanso. Afunseni eni ake kuti ichi chikhale pati, ndipo pamene mwagwirizanapo chizibwerera pomwepo tsiku lililonse.

Zochita zake n'zosavuta. Matumba asanjeni pathandala m'chipinda china, osagunda khoma. Nyumba ikachepa, mbali imodzi yokha, kutali ndi pogona, ndipo amene angathe agule matumba a PICS osafuna mankhwala. Makasu, zikwanje ndi sipuleya zikhale m'mwamba kapena m'kachisakasa panja. Njira yochoka pogona kufika kuchimbudzi ikhale yosesa, yopanda miyala ndi maenje, ndipo kwa wosaona mangani chingwe choti azigwira. M'chimbudzi muzikolopa kapena kuwaza phulusa tsiku ndi tsiku. Za ndodo ndi njinga kafunseni kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma. Ndikamadzabwera kudzaona chimanga sabata yamawa, ndidzayambira m'chipinda cha agogo.