Momwe mungatsekere chibowo cha Sequoia pa kompyuta kapena seva ya Linux

Pa 20 Julayi 2021, akatswiri a kampani ya Qualys ya ku America adalengeza kuti apeza chibowo cha chitetezo mu kernel ya Linux (kernel ndiyo phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse), m'gawo loyang'anira mafayilo ndi mafoda. Adachitcha Sequoia, ndipo nambala yake mu kaundula wa zibowo zachitetezo ndi CVE-2021-33909. Chidakhala chili mommo kuyambira 2014 popanda wochiona. Mankhwala ake adatuluka nthawi yomweyo, komabe m'masukulu, m'maofesi ndi m'malo ogwiritsira intaneti mukadali makompyuta omwe adaikidwa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kalekale ndipo palibe adawakhudzanso. Ngati muli ndi ina yotero m'manja mwanu, nkhaniyi ndi yanu.

Vuto lili mu fayilo ya `fs/seq_file.c`. Nambala yosonyeza kukula kwa malo amene kernel yapatula mu memory imasungidwa ngati ya 64-bit, koma penapake inkaperekedwa ku gawo lolandira ya 32-bit yokha. Ikafika pa 2GB, nambalayo imatembenuka n'kukhala yochepera ziro. A Qualys adapanga mafoda pafupifupi miliyoni imodzi, lina m'kati mwa linzake, mpaka njira yake, dzina lonse losonyeza pomwe foda ili, idapitirira 1GB kutalika. Adawachita mount (kuwalumikiza kuti azioneka pa malo ena mu makina), n'kuwafufuta, kenaka n'kuwerenga `/proc/self/mountinfo`. Pamenepo kernel idalemba mawu oti "//deleted" kunja kwa malo ake, ndipo kuchokera apo a Qualys adakwanitsa kukhala root, akaunti ya mphamvu zonse, pa Ubuntu 20.04, 20.10 ndi 21.04, Debian 11 komanso Fedora 34.

Munthu sangalowere pachibowochi ali kutali, ayenera kukhala kale ndi akaunti pa makinawo. Koma akaunti wamba ndi yokwanira: ya mwana wasukulu mu labu, kapena ya webusaiti yomwe yathyoledwa kale.

1. Onani kernel yomwe ikuyenda panopa

Tsegulani terminal, windo lolemberamo malamulo, lembani `uname -r`, kenaka `cat /etc/os-release`. Lembani papepala zomwe zatuluka, muzifunanso kumapeto.

2. Musaweruze ndi nambala yokha

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Mu kernel yochokera kwa eni ake a Linux, chibowochi chili kuyambira 3.16 mpaka 5.13.3, ndipo chidatsekedwa mu 5.13.4. Ndiye munthu akaona 5.4 pa Ubuntu 20.04 yake, mtima umamuthamanga. Winanso akaona 3.10 pa CentOS 7 amapumira m'mwamba, kuganiza kuti yake ndi yakale kwambiri moti siikhudzidwa. Onse awiri angathe kulakwa. Ubuntu, Debian ndi Red Hat amatenga zokonza zatsopano n'kuzisokerera mu kernel yakale osasintha nambala yoyambirira, choncho 5.4 ikhoza kukhala yotsekedwa kale. Momwemonso amatengera zinthu zina zatsopano n'kuziika mu yakale, ndipo n'chifukwa chake Red Hat Enterprise Linux 7, ya kernel 3.10, yomwe CentOS 7 idachokerako, idakhudzidwa nayo.

Chofunika ndi manambala a pambuyo pa kamzere mu zomwe `uname -r` yatulutsa. Pa Ubuntu, pitani pa tsamba lawo la zachitetezo, fufuzani CVE-2021-33909, muyerekeze ndi zomwe munalemba zija. Ngati pali pulogalamu ya `pro`, lamulo la `pro fix CVE-2021-33909 --dry-run` likuuzani ngati mukukhudzidwa, osasintha kanthu. A Debian ali ndi tsamba lawo lotchedwa Security Tracker. Pa Red Hat, Rocky Linux kapena AlmaLinux lembani `rpm -q --changelog kernel | grep CVE-2021-33909`. Mzere ukatuluka, ndiye kuti kernel yokonzedwa ilimo mu makinawo. Kukhalamo si kuyenda ayi, tifikako.

3. Ikani zatsopano

Yambani mwakopera mafayilo ofunika pa flash kapena pa disk ina. Onaninso ndi `df -h /boot` ngati muli malo, chifukwa pa makina akale gawoli limadzaza ndi makernel akale ndipo ntchito imaima pakati. Pa Ubuntu ndi Debian: `sudo apt update`, kenaka `sudo apt full-upgrade`. Pa a banja la Red Hat: `sudo dnf upgrade`. Musasankhe kernel yokha, pakuti tsiku lomwelo a Qualys adalengezanso chibowo china mu systemd, pulogalamu yoyambitsa mapulogalamu ena makina akayaka, CVE-2021-33910, chomwe chimagwetsa makina onse kudzera mu njira yaitali yomweyo.

Makina omwe atha zaka osakonzedwa adya bandulo yambiri, konzekeranitu. Ndipo musayambe ngati mukudziwa kuti magetsi athima posachedwa koma mulibe UPS. Kernel yolembedwa theka ndi mutu waukulu kuposa Sequoia amene.

4. Zimitsani, yatsaninso, tsimikizani

Kernel yatsopano ikhoza kukhala pa disk mwezi wathunthu pamene yakale, ya chibowo, ndiyo ikugwira ntchito. Sisintha mpaka makina ayambe mwatsopano. Oyang'anira maseva ena amanyadira kuti yawo yatha chaka isanazime. Kwa ine chimenecho n'chizindikiro choti chitseko chili pululu. Pa Ubuntu, fayilo ya `/var/run/reboot-required` ikakhalapo ndiye kuti makina akukudikirani. Pa Red Hat funsani ndi `needs-restarting -r`. Chenjezani ogwiritsa ntchito, lembani `sudo reboot`, ndipo ikayaka bwerezani `uname -r`. Nambala ikhale yosiyana ndi ya papepala ija. Ikakhala yomweyo, n'kutheka kuti GRUB, pulogalamu yosankha kernel makina akamayaka, idakhomeredwa pa kernel yakale, ndiye yang'anani mzere wa `GRUB_DEFAULT` mu `/etc/default/grub`.

Amene muli ndi makontena a Docker, timalo topatula toyendetseramo mapulogalamu, kumbukirani kuti amagwiritsa ntchito kernel ya makina omwe akhalapo. Kukonza m'kati mwa kontena sikuthandiza.

5. Ngati simungazimitse lero

Pali zotchingira zongoyembekezera. Pa Ubuntu ndi Debian:

`sudo sysctl -w kernel.unprivileged_userns_clone=0`
`sudo sysctl -w kernel.unprivileged_bpf_disabled=1`

Loyamba limaletsa munthu wamba kuchita mount mafoda aatali aja mu user namespace, malo opatula momwe amaoneka ngati root, lachiwiri limamulanda eBPF, njira yoyendetsera timapulogalamu mu kernel, yomwe a Qualys adagwiritsa ntchito pomalizitsa. A Qualys omwewo adanenetsa kuti izi zimangotseka njira yomwe iwo adadzera, ina ikhoza kupezeka. Loyambalo likhozanso kusokoneza mapulogalamu a Flatpak ndi Podman yoyenda popanda root, ndiye yesani kaye.

6. Ngati mtundu wanu udasiyidwa

Ubuntu 20.10 ndi 21.04 zidasiya kulandira zokonza kalekale, CentOS 7 idatha pa 30 Juni 2024, ndipo thandizo wamba la Ubuntu 20.04 lidatha mu Meyi 2025. Mwina Sequoia mwaitseka, koma padabweranso chibowo cha Dirty Pipe mu 2022 ndi zibowo za OverlayFS mu 2023. Sungani mafayilo anu pabwino, muike mtundu womwe ukulandirabe zokonza, monga Ubuntu 24.04, ndipo pa Ubuntu kapena Debian muyatse `unattended-upgrades` kuti zachitetezo zizilowa zokha.