Kubereka kudzera pa opaleshoni: kukonzekera ndi kuchira

Opaleshoni yokonzeratu imachitika kawirikawiri mimba ikakwana masabata 39. Lekani kudya maola 6 isanachitike, chifukwa mukasanza muli chigonere, chakudya chingalowe m'mapapo. Musadzimete nokha kumusi: timabala ta lezala timalowetsa majeremusi.

Anamwino akangokulolani, dzukani muyende pang'onopang'ono, ngakhale kukuwawa. Kugona chigonere kumaundanitsa magazi m'miyendo. Pokhosomola kapena poseka, gwirizani bala ndi chitenje chopinda. Mukasamba, liumitseni bwino, makamaka pamene khungu la mimba limapindikira, ndipo musapakepo mankhwala azitsamba.

Kwa masabata 6 musanyamule cholemera kuposa mwana. Ndowa, mtondo ndi khasu zisiyireni ena, achibale anene zonena zawo.

Thupi likatentha, bala likatuluka mafinya, magazi akachuluka kapena mwendo umodzi ukatupa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.