Mmene mungatsogolere phunziro la Aroma 16 anthu osagona

Akakupatsani Aroma 16 kuti mutsogolere ku mphakati kapena ku Chigwirizano musadandaule kuti akupatsani mutu wouma. Anthu ambiri amaudumpha ati ndi mayina okhaokha, komatu mayinawo ndiye phunzirolo. Nazi zomwe zimathandiza kwathu kuno ku Dedza.

Choyamba yeserani mayinawo kunyumba mokweza. Asunkrito, Felego, Filologo, awa amapunthwitsa lilime ndithu, ndipo mukayamba kuchita chibwibwi pagulu anthu amangoseka basi nkhani yathera pomwepo. Musapatse munthu mmodzi kuwerenga zonse, gawani mavesi awiriawiri.

Musanawerenge auzeni zakumbuyo pang'ono. Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto cha m'ma 57, ndipo nthawi imeneyo ku Roma anali asanapondeko, koma onani anthu amene akuwapatsa moni, opitirira 20 ndi mayina awo. Anthu ankayenda, ena anakumana nawo kwina. Zili ngati mmene timachitira wina akamakwera minibasi ya ku Lilongwe, timamutuma moni wa uje ndi uje mpaka kondakitala kukwiya.

Kenako pa dzina lililonse funsani funso limodzi lokha, ameneyu anachita chani? Febe anali mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, doko la pafupi ndi Korinto, ndipo Paulo akuti mulandireni, mthandizeni, poti iyenso anathandiza ambiri. Priska ndi Akula apa khalanipo ndithu, tsegulani Machitidwe 18 muwaonetse kuti banjali linathamangitsidwa ku Roma ndi mfumu Klaudio, ankasoka mahema limodzi ndi Paulo, ndipo pano pa Aroma 16 Paulo akuti anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye, komanso mpingo unkasonkhana m'nyumba mwawo, ndiye amene mwasonkhana pakhonde la munthu ku Bembeke kapena ku Linthipe muzimva kuti si zachilendo. Androniko ndi Yuniya anali m'ndende limodzi ndi Paulo ndipo anakhulupirira Khristu iye asanatembenuke. Epeneto ndiye woyamba kukhulupirira ku Asiya.

Azimayi awerengeni padera, mudabwa. Mariya, Trufena, Trufosa, Persida, onsewa akuyamikiridwa pa kugwira ntchito. Ine vesi 13 ndi imene imandigwira mtima, mayi ake a Rufo amene Paulo akuti ndi mayi akenso. Dzina lawo silinalembedwe nkomwe. Funsani gulu kuti mayi otere mu mpingo mwanu ndi ndani, aja alendo akabwera kukuzizira mu Juni amakhala atawiritsa kale kachewere ndi tiyi.

Za kupsompsonana kopatulika pa vesi 16 musachedwepo, achinyamata azitengera pena. Ingonenani kuti unali moni wa nthawi imeneyo, ife timagwirana chanza.

Mavesi 21 mpaka 23 musawasiye. Tertio akudzitchula yekha kuti ndi amene ankalemba, Paulo ankangonena. Gayo ndi amene ankasunga Paulo kunyumba kwake, Erasto anali msungichuma wa mzinda. Alembi ndi asungichuma a mphakati apa amamwetulira.

Kukatsala mphindi 10 gawani timapepala, aliyense alembe mayina atatu a anthu amene amagwira nawo ntchito ya Mulungu komanso chimene aliyense anachita, osati kungoti ndi abwino ayi, chenicheni, monga anandiperekeza kuchipatala usiku. Amene savutika kulankhula awerenge mokweza. Agogo amene salemba muwafunse pakamwa, wina awalembere, ndipo mubweretse mabolopeni okwanira chifukwa ambiri amabwera ndi Baibulo lokha.